Pakati pa Keke

Magetsi abwera leveni koloko usiku,
ndipo nthawi yomweyo tayatsa uvuni.
Kuno ku Mufakose keke saphikira wotchi,
amaphika pamene eni magetsi akumbukira kuti tiliko.

Mazira asanu ndi limodzi, ndawafungatira mu kombi
kuchokera ku Mbare, chigongono chili tcheru.
Koko wa m'kachitini, shuga, ufa wosefa katatu.
Abambo akhala pakhomo la khitchini,
manja akunjenjemera pa ndodo,
koma maso ali m'mbale mwanga.

"Zoyera pazokha, zachikasu pazokha.
Menya mpaka thovu liime ngati chulu.
Ukazondotsa mbale pamutu pako, lisagwe."
Ruvimbo wagwira pakamwa.
Ndazondotsa. Silinagwe.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri
anapinda keke imeneyi ku Borrowdale,
atavala zoyera, mabatani mpaka m'khosi.
Pa Khirisimasi ankafika dzuwa litalowa kale,
pa njinga, malaya akununkhira chokoleti,
m'thumba muli zodula za m'mphepete, zokulunga m'nyuzipepala.
Ife tinkayesa keke yake ndi yomweyo:
timizere touma, takuda, tolimbirana ana anayi.
Sitinkadziwa kuti ili ndi pakati.

Mphindi khumi ndi ziwiri. Osatsegula.
Mvula ya Disembala yayamba kuguguda denga
ndipo ine ndikuchonderera babu la m'mwambali:
usaphethire, iwe, usaphethire.

"Tulutsa! Ikazizira ikukanira."
Ndaikhuthulira pa kansalu kowaza shuga,
ikutentha ngati mwana wodwala malungo.
"Pinda ngati mphasa ya mlendo wobweranso mawa.
Usaifinye. Komanso usaiope."
Kupinda koyamba, bwinobwino.
Kwachiwiri, ndayamba kudzimva.
Kwachitatu, ng'aa!
Mng'alu kuchokera uku mpaka uko,
ngati msewu wathu mvula ikatha.

"Maiwe!" watero Ruvimbo m'chinenero cha bambo ake.
Ine mumtima ndikuwerenga madola a mazira.
Koma abambo aseka mpaka kutsokomola,
misozi chuchuchu m'makwinya.
"Zanga zinkang'aluka chaka ndi chaka.
Dona sanadziwe ngakhale kamodzi.
Ukuyesa kirimu anamupangira chiyani?"

Yazizira. Taifunyulula pang'onopang'ono,
tapaka kirimu, taipindanso,
mng'alu taugoneka chafufumimba.
Tikungoyamba kumata chokoleti pamwamba,
firiji yasiya kung'ung'udza.
Mdima bii, mzere wonse wa nyumba,
galu wa Mai Tarisai yekha ndiye wadandaula.

Ruvimbo wayatsa tochi ya foni.
Abambo ati, "Patse foloko."
Dzanja lomwe lija limataya tiyi m'mawa uliwonse,
lija linaleka kumanga zingwe za nsapato,
likuyenda pa msana wa keke,
ndipo kunjenjemera kwake kukubala makungwa,
okhotakhota, a mfundo apa ndi apo,
moti chiswe chikanaona chikananamizika.
Palibe wayankhula.
Chipika chagona m'thireyi, chonyowa ngati chochokera m'mvula.

Mawa tikaweruka ku tchalitchi
abwera a Nasibeko a ku Dzivarasekwa ndi adzukulu awo,
adzafunsa mtengo wa chilichonse,
adzatenganso ina ya m'kachikwama.
Zimenezo n'zamawa.

Ndatenga mpeni.
"Dula kunsongako," atero abambo, "nanga alendo?"
Ndayeza ndi chala, ndadutsa nsonga,
ndadula pakati penipeni,
ndakankha mbali ziwirizo kuti zikumane,
ndamata chokoleti pa chilondacho.
Alendo sadzadziwa ngakhale kamodzi.

Aiyang'ana nthawi yaitali pa kuwala kwa foni,
mzere woyera ukuzungulira m'kati mwa wakuda
ngati chigoba cha nkhono.
Aluma. Atafuna ndi mano otsalawo,
maso ali kudenga komwe mvula ikuchepa.

"Shuga wachuluka," atero.
Kenako andipatsa mbale,
osati kuti nditsuke.