Nkhata Yachitsulo

Lamulungu masana m'bala ya Nachisale ku Biwi,
kanema ali pamwamba pa firiji,
tinkaonera magalimoto aja a matayala apamtetete,
ogwada pansi ngati nkhanu, olira ngati mavu.

Chaka chomwe anawaveka nkhata yachitsulo
pamwamba pa mutu wa dalaivala,
bala yonse inafa nacho chiseko.
"Patapata uyu!" anatero Sikudzani,
phazi m'mwamba kutionetsa wake:
kachingwe kamodzi pakati, tiwiri m'mbali.
"Mwamuna waliwiro samukhazika m'chikwere."
Nane ndinaseka. Ndine wowotcherera,
chitsulo chosaoneka bwino ndimachidziwira patali.

Ndiye tsiku lina ina inakwera inzake pamsana.
Tayala linadzera pomwe pamakhala mutu,
linapala nkhata ija n'kusiyapo mzere wakuda.
Munthu anatuluka,
anavula magolovesi chala chimodzichimodzi,
anayenda yekha.
M'bala munati zii. Ndi mabotolo omwe.

Sikudzani sanazione.
Tinali titamuperekeza kale ku Kawale.
Njinga yake yamoto tinakaitola pa Mchesi
itapindika ngati waya womangira nsungwi,
helemeti ili lende pachiwongolero, yopanda chipsera.
Kunali kotentha mwezi umenewo. Ankati imamuyabwa.

Pano kuseri kwa shedi ndikumanga kagalimoto.
Injini ndi ya jenereta yakufa,
matayala a wilibala, anayi, osafanana,
mpando ndinadula chigubu cha malita makumi awiri.
Mwini wake ndi Ulemu, wa sitandade faifi,
amene mabuleki amawayesa mdani.

Paipi ndinakagula ku Malangalanga,
yokhuthala, ya mjigo, wogulitsa osatsitsa mtengo.
Ndaipinda katatu, kawiri inakana.
Ndawotcherera magetsi atabwera pakati pa usiku,
maso akuyabwa mchenga mpaka m'mawa.
Ndaimenya ndi hamala yaikulu.
Ndakwerapo ndekha, makilo anga onsewa,
n'kudumphadumpha anthu a minibasi akundiloza.

Ulemu wakhalamo, wakwinya nkhope.
"Ababa, chikunditchinga.
Anzanga akandiseka."

Ndamuyeza ndi chikhatho
kuchokera paliwombo kufika pachitsulo:
zala zinayi.
Ndikufuna zisanu.

"Tsika kaye," ndatero,
ndikufunafuna choko m'thumba la ovolosi.
Iye sakutsika.
Wagwira chiwongolero, akuliza injini ndi milomo,
wapendeketsa mutu kumanzere kwa paipi,
diso limodzi lili kale pamsewu wa ku Likuni.