Mafunso Owonjezera

Ku kiliniki ya ku Hillbrow, Lachitatu,
ndikumasulira a Chikakuda pepala la Zanele.
Mafunso asanu oyamba sanavute:
kuyenda, kusamba, ntchito, ululu, nkhawa.
Bondo ndi bondo kulikonse.

Kenako atatu owonjezera, obwera pa ndege.

Mumagona bwino?
Akuseka. Akuti funsani bedi,
masana ndi langa, usiku ndi la mnyamata wa ku Bulawayo
ine ndikulondera magalimoto a eni ku Rosebank.
Tulo ndili nato, koma ndi tobwereka.
Ndichonge bokosi liti?

Mumadzidalira?
Mawuwa ndawatembenuza katatu m'kamwa.
Kwathu wodzidalira ndi uja anasiya kupempha mchere kwa anzake,
ndipo sitimuyamikira.
Ayi mwanangu, akutero, sindinafike poipa choncho.
Zanele walemba: vuto lalikulu.

Mumakhala bwanji ndi anthu?
Akutulutsa foni yosweka galasi.
Dedza, Dedza, Dedza, osayankha.
Mlongo wawo anaikidwa mu Juni, iwo ali pa geti.

Funso lomwe akulidikira mulibe m'pepalamo:
ndikafera kuno, ndani adzasonkhe
kuti bokosi lidutse Beitbridge ndi Tete?

Zanele akuloza mzere, ziro mpaka handiredi:
moyo wanu lero uli pati?
Moyo uti, akufunsa, wa m'thupimu kapena wonsewu?
Ndilibe liwu lachiwiri loti ndiwapatse.

Akuika chala pa sikisite.
Chalacho ndi chachikulu,
chaphimba ndi fifite yemwe.