Timalemba ta M'munsi

Khadi ya zithunzi inafika Lachinayi pa basi ya ku Joni,
yokulungidwa m'jekete la Twaibu
lomwe likununkhabe penti wa kuntchito kwake.
Mafani awiri ngati maso a kadzidzi,
kulemera kwake njerwa yootcha.
Pa foni anati, "Ingolowetsani, achimwene,
mavidiyo aukwati azituluka ngati madzi a pampopi."

Kungolowetsa.
Ali kutali mwanayu, saona m'mimba mwa kompyuta yanga.

Ndamasula chitseko cham'mbali ndi nsonga ya mpeni
poti sikuludiraiva anabwereka Ajibu wa mawailesi.
Fumbi lonse la msewu wa ku Namwera lili muno,
ndi phiko la ngumbi za chaka chatha.
Pakona, kuseri kwa mawaya, kabokosi kotuwa
kamene kamamwa moto wa Eskomu n'kugawira anzake,
kamene zaka zisanu ndi chimodzi
sindinakapatseko moni.

Papepala pake palembedwa 450.
Koma ine ndinakulira kuseri kwa msika,
ndikuchidziwa chigoba chophwanyidwa kunsi,
ndikuidziwa sikelo ya wogula nandolo.
Nambala yaikulu ndi nyambo.
Yoona imabisala m'munsi, m'timalemba ta nyerere:
mavolti khumi ndi awiri, maampu khumi ndi asanu ndi atatu.
Ndachulukitsa kuseri kwa lisiti la mayunitsi,
kawiri, mwina ndalakwa.
216.

Khadi payokha ikufuna 170.
Purosesa nayo ili ndi pakamwa, 65.
Masamu akana
ndisanawerenge n'komwe madisiki awiri
odzaza maukwati a eni, zinkhoswe, maliro a Che Bwanali.

Ndiye pali za pulagi.
Khadi ikufuna ya mano asanu ndi atatu,
kabokosi kalibe.
Ajibu akuti, "Timalumikiza, bwana, kawaya kotchipa.
Zimayaka."
Inde zimayaka.
Nayo saluni ya ku M'baluku inayaka.

Ndatuluka kukapuma mpweya.
Che Saizi akudutsa pa kabaza, matumba atatu a simenti.
Pachidikha njinga ikuyenda mwaulemu, belu ngiri ngiri.
Tcheni sichidukira pachidikha.
Chimadikira chitunda cha pamlatho wa Shire,
pomwe munthu waimirira pa mapedulo
ndipo kumbuyo kukubwera lole.

Ndi mmene kadzachitire.
M'mawa kadzayatsa sikirini bwinobwino, kundinyenga.
Masana a Okutobala, malata akulira,
vidiyo ya Asiyatu ili pakati,
iye akutsika m'galimoto, azakhali ake akululutira,
khadi idzapempha zonse nthawi imodzi.
Phwa!
Kafungo ka pulasitiki.
Ndipo totere sitifa tokha,
timatenga anzake kumanda.

Katsopano kali ku Limbe, ka mawati 650, koona.
Mtengo wake lendi ya miyezi iwiri ya shopu ino,
osawerengera minibasi.

Ndabwezera khadi m'jekete.
M'thumba lam'kati ndapezamo tikiti ya sitima
ndi pepala la mapilitsi, onse anatha.
Za izi sananene.
Mwezi uliwonse amatumiza: ya mayi, ya malata,
ya fizi ya Mwanaisha, tsopano iyi.
Ndikafunsa ali bwanji amati,
"Bwinobwino, palibe vuto."
Malemba akuluakulu.
Ta m'munsi take sindinawerengepo.

Ndauzira fumbi pa kabokosi, ndakapukuta ndi malaya.
Pepa, mnzanga, senza womwe unazolowera.
Ndatseka chitseko, ndayatsa.
Kamzere ka vidiyo kayamba kukwawa,
maola asanu ndi anayi, kakutero,
ngati magetsi sazima.

Foni yawala. Twaibu.
"Yalowa?"

Ndalemba, ndafufuta.
Ndalembanso:
Isanalowe, tandiuza,
ukumagona maola angati?