Magolovesi a Nerio

Kuno ku Cabimas, kumene mpweya umanunkha mafuta a pansi,
nkhope ya Nerio Perozo ili paliponse tsopano:
pa khoma la sukulu, kumbuyo kwa basi yopita ku Maracaibo,
pa botolo la chakumwa chimene mwiniwake sanachilaweko.
Wojambula anamukulitsa manja kuposa mutu.
Palibe wadandaula.

Ine ndimasoka nsapato kuseri kwa msika.
Ndikanena kuti magolovesi ake oyamba ndinasoka ndine,
anyamata amaseka, ati a Temístocles dzuwa lawalowa m'mutu.
Komatu anali a bambo ake, a ku zitsime za mafuta,
akuda bii, chala chimodzi chinatsalira m'makina.
Ndinawachepetsa, n'kumata mphira wa tayala la njinga m'zikhatho.
Sanandilipire. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi,
anzake onse akulota ndodo ya besibo,
iye yekha akudzigwetsa m'fumbi pakati pa zidebe ziwiri,
mawondo ali nyekhenyekhe, akupempha kuti amumenyerenso.

Usiku wa penate ija magetsi anazima
kutatsala mphindi zinayi.
Msewu wonse unathamangira kwa Yolimar wogulitsa arepa,
mwini kawailesi ka mabatire.
Tinapanikizana m'mdima, thukuta la wina pa phewa la mnzake,
ngakhale galu anasiya kuuwa.
Kenako woulutsa uja, mawu atasasa:
Wagwira! Goloboyi wagwira!
Sitinaone kanthu.
Koma funsani lero, aliyense anaona ndi maso ake.
Wina ati anaulukira kumanzere, wina kumanja,
wometa tsitsi amalumbira kuti anaugwira ndi chala chimodzi.

Chaka chimenecho chipatala chathu chinatulutsa a Nerio asanu ndi mmodzi,
wina mwa iwo wamkazi.
Mphunzitsi amene anamukana kuti ndi wamfupi
akuti anamutulukira ndi iye.
Achibale aphuka ngati bowa.
Ana athu amene anapita ku Lima ndi ku Santiago kukasaka ya mchere
amavala jezi yake pansi pa yunifolomu yotsukira mbale,
ngati kalata yochokera kwawo.

Mwezi watha anagoletsa zitatu.
Kutacha, diso lake la pa khoma la sukulu linali litapakidwa phula.
Mayi ake anabwera ndi ndowa ndi nsanza,
anthu akudutsa ngati sakuwadziwa.
Sabata inayo atagwira bwino, omwewo
anabwera ndi utoto, akukanganirana makwerero.

Ine sindiimba nawo, sinditukwana nawo.
Ndimadziwa kuti m'golo mumaimidwa munthu mmodzi,
msana atapatsa khamu lonse,
ndipo khamu limakumbukira mpira umene wadutsa.

Dzulo kwabwera kamtsikana ka mano ogweluka,
kagwira magolovesi a ku munda a agogo ake.
Kati, ati inu ndi amene mumasoka.
Ndafunsa wakuuza ndani. Kaloza khoma ndi chibwano.
Sindikudziwa kuti katanthauzanji.
Ndatenga lumo, ndati tambasula dzanja.