Bishopu wa Pakhoma la Vesitili

Lachisanu lililonse ndimakupukutani nkhope
ndi chigamba cha chitenje,
inu bishopu wa dzina lopinda lilime,
amene galasi lanu linang'aluka chaka cha chivomerezi.

Malemu akatekisi Mkwezalamba ankati munakangana ndi mafumu
chifukwa cha chilembo chimodzi.
Chimodzi chokha!
Anakupirikitsani, munagona m'mapanga,
inki n'kuumira m'botolo.
Ine ndinkaseka. Kuno ku Linga
timakangana za malire a dimba,
zinthu zoti munthu n'kuponda.

Buku lanu chiswe chinaliyamba kumapeto.
Chinasiya tsamba lija
munalembapo kuti Mulungu anamvapo njala,
analirapo pamanda a mnzake.

Chaka chomwe mpunga unapserera ku Lozi
ndinaika Esinati wanga m'nthaka.
Opepesa anayankhula zambiri.
Mawu anu okha ndiwo sanandinyanse.

Lamulungu adzaimirira kunena Chikhulupiriro,
akuthamangitsa mawu kuti aweruke msanga.
Chilembo chanu chili momwemo,
kamwala mumpunga wosapeta,
kudikira dzino la wina.

Ine sindiwauza.
Ndimangowongola chithunzi chanu pamsomali,
poti chimapendekera kumanzere
lole ya nzimbe ikadutsa.