Ufa Woyera Pansi pa Phiko

M'mawa, mame asanaume pa udzu wa bwalo la ndege,
ndimagwada pansi pa phiko
ndi tochi, kagalasi ka pandodo, ndi chala chamkombaphala.
Mapiri a Chipata akadali m'nkhungu.
Kandege aka kagona panja dzinja lonse
chisasukireni denga la shedi ndi mphepo ya Disembala.

A Shawa, amene anandiphunzitsa ntchitoyi, ankati:
"Tikambenji, dzimbiri la pakhasu ndi lachilungamo,
limafiira, limadziulula.
La pandege ndi lamanyazi.
Limayera ngati ufa wotayikira pamphasa,
ukangolipukuta n'kuchoka, limakuseka kumsana."

Ndiye sindithamanga.
Apa penti watupa ngati chithuza cha moto.
Apo, pansi pake, tinjira tokhotakhota
ngati mmene chiswe chimayendera m'mtanda wa nyumba.
Msomali umodzi ukulira misozi yakuda:
wakhwepa, wakhala ukudzipera wokha ulendo uliwonse.
Ndipo bawuti iyi yachitsulo
ndani anaikwatitsa kwa aluminiyamu popanda nkhoswe?
Madzi atalowa pakati pawo
wolimba anayamba kudya wofewa,
usiku ndi usana, mwakachetechete,
monga zimakhalira m'nyumba zina ku Kapata
zimene makatani ake amachapidwa Loweruka lililonse.

Tilibe nyanja kuno, tilibe mchere wa m'mphepo.
Koma tili ndi fumbi la Okutobala losunga chinyezi,
zitosi za anamzeze,
thukuta la m'manja mwathu,
asidi wodontha m'batire,
ndi kabowo kotulutsira madzi kamene mavu anamata ndi dothi.
Kabowo kosalowa ndi njere ya mtedza yomwe.
Kumeneko n'kumene zinayambira.

Woyendetsa wafika, a Njobvu, malaya osita bwino,
akuyang'ana wotchi.
Makatoni a mankhwala akudikira kupita ku Chama.
"Mlongo, ndi kadontho chabe.
Pakanipo penti, tidzaona tikabwerako."

Ndinalowetsa nsonga ya singano m'kadonthoko.
Inamira.
Pakamwa pang'ono, mimba ngati nkhokwe.
Ndipo m'mphepete mwa nthiti ya phiko
chitsulo chinali kufunduka magawomagawo
ngati buku lonyowa ndi mvula.

Cholembera chinali m'thumba langa.
Sindinachitulutse.

Anakalipa. Anaimba foni ku Lusaka.
Anatchula dzina langa kawiri, molakwitsa.
Makatoni anakwera galimoto, msewu wa Lundazi,
tsiku lathunthu la mabampu ndi matope,
ndipo ndikudziwa kuti wina kumeneko anadikira
nthawi yaitali kuposa imene anayenera kudikira.
Zimenezo ndinagona nazo.

Masiku asanu ndi anayi.
Kutsuka. Kuumitsa. Kupala mofatsa,
osati ndi burashi yachitsulo, imasiya mbewu zake.
Kuyeza chimene chatsala, kuyezanso.
Chodyeka kwambiri kuchidula, kudikira china pabasi.
Mankhwala achikasu, penti wapansi, penti wapamwamba,
phala lomatira m'mipata, girisi m'mahinjesi,
ndi kawaya kotokosera nyumba ya mavu ija.

A Shawa sanaione ntchito imeneyi.
Ankabwera ali chiwongokere, ovolosi yoyera, nsapato zowala,
mpaka tsiku limene anakhala pansi pafupi ndi gudumu
n'kulephera kudzuka.
Kuchipatala anati chinthucho chinayamba kale.
Munthu wa tochi ndi kagalasi zaka makumi atatu,
sanadziunike.

Lero kandege kanyamuka.
Kadutsa pamwamba pa minda ya ku Msekera,
mthunzi wake ukudumpha mizere ya chimanga.
A Njobvu sanandiyang'ane, koma anakweza dzanja.

Ine ndatsala ndi nsanza yakuda m'manja
ndi tsiku latsopano lolembedwa m'buku.
Dzimbiri silinafe, ndikudziwa.
Aluminiyamu amakumbukira kuti anali dothi
ndipo amafuna kubwerera kwawo.
Ntchito yanga n'kumuchedwetsa,
m'mawa uliwonse, chogwada,
kumunyengerera kuti akhalebe nafe mumlengalenga
dzinja limodzi lokha.