Kaundula wa Pageti

Ntchito yanga ndi kulemba olowa ndi otuluka:
dzina, nambala ya galimoto, nthawi.
Koma Lachiwiri lija, Okutobala ali pakati,
phula la mu Tete likumata kunsi kwa nsapato,
ndinalemba mlendo wopanda mzere wake:
"Teni koloko. Wagwa kuchokera pansanjika yachisanu ndi chimodzi.
Alibe chiphaso."

Anali mwana wa kabawi,
kukamwa kuli yasa, mapiko ali tambasu pasimenti yamoto,
nthenga zaukhanda zidakali m'khosi
ngati thonje lotsalira m'munda.
Galu wa kuseri kwa bekale anali atamuona kale.
Ndinavula jekete ya kampani n'kumufunditsa,
iye n'kundithokoza ndi zikhadabo.
Zipsera zake nazi, zitatu, pachala chachikulu.

Kwathu ku Domwe kabawi safunditsidwa.
Mthunzi wake ukangodutsa pabwalo
mayi ankakuwa mpaka mawu kusasa,
ine pambuyo ndi legeni, miyala ili tho m'thumba.
Anapiye khumi ndi awiri ankatsala anayi.
Akanandiona atagwada mwana wawo,
akudonthezera madzi ndi chitsekerero cha botolo
pamlomo pa mdani wa nkhuku zawo!

Zelia wa ku ofesi ya ziweto anafika pa njinga yamoto,
fumbi mpaka m'nsidze.
Anamuika m'kathumba ka nsalu, n'kumupachika pa sikelo,
anatambasula phiko ili, kenako ilo.
"Palibe chathyoka. Wangofulumira basi.
Ndi wamkazi, onani kukula kwa mapaziwa."
Kumwendo anamuveka mphete yachitsulo: K47.

Chikepe chinafa chaka chatha,
ndiye tinakwera masitepe, katoni ya sopo ili pachifuwa panga,
m'katimo mtima wina ukugunda mofulumira kuposa wanga.
Padenga mphepo inali yotentha ngati mpweya wa uvuni.
Zambezi ali phee pansipo,
malole atandandalika pamlatho kudikira mpata,
kutali uko fumbi la malasha a ku Moatize.
Make anatitsikira ngati mwala woponyedwa ndi mitambo,
kulalata, kutizonda pamutu,
chipewa changa n'kugwera mumsewu.
Sindinakwiye. Mawuwo ndinawadziwa:
ndi omwe aja a mayi pabwalo.

Zelia anandisiyira magalasi oonera patali,
diso limodzi losweka.
"Muzilemba chilichonse, a Kalinde."
Ndinalemba.
Lachisanu: wadya nkhunda yobwera ndi bambo wake, nthenga zagwera pa galimoto ya bwana.
Lamulungu: wangokhala, akuyang'ana Matundo.
Lolemba: walumphira pa mlongoti wa foni, watera ngati woledzera.
Lachinayi: sindinamuone tsiku lonse,
mpunga wa masana ndinabwerera nawo kunyumba.
Loweruka: wathamangitsa nkhunda pamwamba pa msika, waiphonya,
nkhunda yapita ikuseka.

Bwana atatsegula kaundula kumapeto kwa mwezi
anakwinya nkhope:
"Kodi K47 ameneyu ndi galimoto ya ndani,
yomangolowa osalipira?"

Tsiku lomwe anagwira yake yoyamba
ndinali ndikutsegulira lole ya simenti.
Ndinangomva phaa! m'mwamba,
tinthenga totuwa tikutsika pang'onopang'ono
pa anthu ogulitsa masawu, osadziwa kanthu.
Woyendetsa lole analiza hutala kawiri
ine ndili chiimire, loko m'manja.

Mvula yoyamba itagwa anachoka.
Zelia akuti amatero, amakafuna denga lawolawo,
mwina ku Songo, kumatanthwe a damu,
mwina sadutsa n'chaka chomwe; ambiri sadutsa.
Ananena akumanga chisoti, osandiyang'ana.

Ndalemba nthawi yotuluka: 5:40, kulowera kumtunda kwa mtsinje.
Bokosi la nthawi yobwerera ndalisiya.
Mnzanga wa usiku, Fabiao, amadziwa;
akafika pa tsamba limenelo
amalumpha mzere umodzi, n'kupitiriza m'munsi.